Mwatumizidwa ku chipatala cha Mchinji kukaphunzira unamwino? Yambani motere

Kaya mukuchokera ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya CHAM (bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu) monga ya ku Nkhoma, m'wodi mukakumana ndi zomwe m'kalasi munkangozimva.

Musananyamuke, onetsetsani kuti dzina lanu lili m'kaundula wa ophunzira ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Longedzani logbook (buku lolembamo ntchito zomwe mwachita m'wodi), yunifolomu, nsapato zotseka kumaso ndi wotchi yowerenga masekondi. Foni siilowa m'malo mwa wotchi manja anu ali m'magolovesi.

Tsiku loyamba kadzionetseni kwa asisita oyang'anira wodi, ndipo muzifika ripoti ya m'mawa isanayambe. Pa ripoti ndi pomwe anamwino a usiku amanena amene sanagone, amene diripi yake yatha, ndi amene akudikira ambulansi yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Ntchito yoyamba yomwe adzakupatsani ndi kuyeza kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe. Ena amaipeputsa, koma ine ndimaiona ngati msana wa unamwino. Mu wodi ya ana dikirani mwana atonthole, muyang'ane pachifuwa pake, muwerenge mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka 1 mpaka zaka 5 akamafika ka 40, akupuma mothamanga, ndipo chingakhale chibayo. Uzani namwino pompo. Chonde musalembe pa tchati nambala yongoganizira pofuna kumaliza msanga, chifukwa adokotala amadalira nambala yanuyo.

Kenako phunzirani kucheza ndi odikirira odwala. Agogo amene agona pansi pambali pa bedi, chitenje atafunda, ndi amene akudziwa kuti mwana anakomoka kangati usiku. Apatseni moni, mufunse modekha kuti, "Agogo, thupi linayamba liti kutentha? Anamwako mankhwala ena kumudzi?" Mukawakalipira sadzakuuzani za mankhwala azitsamba. Buku la kuchipatala la wodwala liwerengeninso, muli mbiri yake.

Jakisoni, kuika kanula (kapaipi kolowetsa mumtsempha) ndi kuchembeza amayi, zonsezi muzichita namwino ali pambali panu. Kunena kuti "Asisita, ichi sindinachitepo, mundionetse" si manyazi. Singano mukabaya musaivundikirenso, iponyeni mu bokosi la masingano. Ikakubayani, sambani ndi sopo pamadzi oyenda, munene nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa maola 72 asanadutse.

Chilichonse mwachita, sainitsani mu logbook tsiku lomwelo kwa namwino amene anakuonererani. Mukadikira sabata yomaliza mudzapeza ali pa tchuthi kapena asamukira wodi ina, tsamba lanu lili lopanda siginecha.