Granola kwa odwala impso: mmene mungasankhire ndi kukonza yanu

Granola ndi oats (mbewu yofanana ndi tirigu) wokazinga ndi mafuta ndi uchi, wosakaniza ndi mtedza, njere ndi zipatso zouma. Kwa munthu amene impso zake zinafooka, oats si amene amavuta kwambiri. Chovuta ndi zimene amathiramo, chifukwa impso zodwala zimalephera kutulutsa michere ya m'zakudya yotchedwa potaziyamu ndi fosifolasi ikachuluka m'magazi.

Yambani ndi zotsatira za magazi. Funsani adokotala, kaya pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre komwe kuli makina osefera magazi, kuti potaziyamu wanu ali pati. Mulingo wabwino ndi 3.5 mpaka 5.0. Akapitirira 5.0, granola idikire kaye. Potaziyamu akakwera amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zina popanda chizindikiro chilichonse, ndipo mankhwala a BP monga enalapril ndi losartan amamukweza kale.

Ngati mwagula ya m'paketi, werengani mndandanda wa zosakaniza. Mawu alionse okhala ndi "phos" ndi fosifolasi wothira ku fakitale, amene thupi limayamwa pafupifupi yense, pamene wa m'mbewu limayamwa wosakwana theka. Ya mphesa zouma, nthochi zouma kapena chokoleti isiyeni: magalamu 100 a mphesa zouma ali ndi potaziyamu woposa mamiligalamu 700.

Yokonza nokha ndiyo yabwino, chifukwa mukudziwa zimene zalowamo. Tengani makapu awiri a oats, kota ya kapu ya makadamiya oduladula, masupuni atatu a mafuta ophikira ndi masupuni awiri a uchi. Makadamiya, omwe amalimidwa ku Thyolo, ali ndi fosifolasi ndi potaziyamu pafupifupi theka la amene ali mu mtedza wathu. Chitowe, ngakhale chili chambiri kuno ku chigwa cha Shire, musathiremo. Fosifolasi wake ndi wochuluka kuposa wa mtedza. Ufa wa malambe nawo ayi, uli ndi potaziyamu wambiri. Mchere musathire, ngakhale uja amati wa odwala BP, poti nthawi zambiri umenewo umapangidwa ndi potaziyamu.

Sakanizani zonse, muziike m'chiwaya pa mbaula ya moto wochepa, mukutakasa mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20 kufikira zitapsa mofiirira. Moto ukachuluka uchi umapserera n'kuyamba kuwawa oats asanaume. Zikazizira, thiranimo makapu awiri a mbuluuli zopanda mchere. Mbuluuli n'zopepuka, zimadzaza mbale popanda kuonjezera zambiri zoti impso zivutike nazo.

Pakudya, kota ya kapu yakwana, osati mbale yodzaza ngati phala. Mkaka usapitirire theka la kapu, chifukwa kapu imodzi ili ndi fosifolasi woposa mamiligalamu 200, ndipo kwa amene anauzidwa mulingo wa madzi akumwa, mkakawo umawerengedwa momwemo. Pamwamba ikani tizidutswa ta chinanazi kapena apozi, osati nthochi. Odwala shuga achepetse uchi n'kufika supuni imodzi.

Kutentha kwa ku Nchalo ndi Ngabu kumawononga mafuta msanga, ndiye konzani yongokwanira sabata imodzi, muisunge m'botolo lotseka bwino pamthunzi. Ikayamba kununkha ngati mafuta akale, itayeni.