Momwe mungagulire ndi kusamalira mbale za rock zodindidwanso

Mbale zakuda zija zinkalira pa gumbagumba sizinafe. Makampani akudindanso zimbale zakale za rock, ndipo zambiri zimabwera ndi kapepala konyezimira kolembedwa kuti "180 gram" kapena "remastered". Kapepalako n'kokopera ogula basi. Kukoma kwa mbale kumadalira tepi yomwe mawu anachokera, katswiri amene anawadula (kuwazokota pa mbale), ndiponso kasungidwe kanu.

1. Dziwani kaye chimene mukugula

Remaster ndi kuyeretsa mawu omwe aja. Remix ndi kusakanizanso zida ndi mawu a oimba mwatsopano. Abbey Road ya Beatles inatuluka mu 1969, koma ya mu 2019 anaisakanizanso Giles Martin, mwana wa George Martin amene anajambula yoyambayo, choncho simveka ndendende ngati yoyambayo. Zimbale za Led Zeppelin za mu 2014 ndi 2015 ndi remaster, ndipo ntchitoyo anaiyang'anira Jimmy Page mwiniwake, woimba gitala wa gululo. Zonsezi n'zabwino, bola mudziwe chimene mukulipira.

2. Musanyengedwe ndi kulemera

Mbale wamba imalemera magalamu 120 mpaka 140. Ya magalamu 180 imakoma kugwira, koma timizere ta mawu n'timodzimodzi. Ngati anaidula kuchokera ku mawu osalongosoka, idzamveka moipa ngakhale ilemere bwanji.

Nkhani ya "analogue" (mawu osadutsa mu digital) nayonso musaifere. Mu 2022 zinaululika kuti kampani ya Mobile Fidelity ya ku America inkadutsitsa mawu a mbale zake zambiri mu digital isanadule, pomwe ogula ankaganiza kuti zikuchokera pa tepi mwachindunji. Anthu odzitcha akatswiri a makutu anakhala akuziyamikira zaka zonsezo osazindikira kanthu.

3. Werengani pakati pa mbale

Pamalo osalala pakati pa nyimbo yomaliza ndi lebulo pamakhala manambala ndi zilembo zozokota. Yang'anani pa kuwala, kenako zifufuzeni pa Discogs, webusaiti ya mndandanda wa zimbale. Mudziwa chaka, fakitale, nthawi zina ndi amene anadula: BG ndi Bernie Grundman, KG ndi Kevin Gray. Zikasoweka pa Discogs ndipo chikuto chikuoneka chosawala bwino, kayikirani, ingakhale yachinyengo.

Pogula yogwiritsidwapo ntchito, sankhani yolembedwa NM (pafupifupi yatsopano) kapena VG+ (yabwino kwambiri). Ngati ikuchokera kunja, muuzeni wogulitsa atulutse mbale m'chikuto poilongedza. Ikagwedezeka pa ulendo imang'amba m'mbali mwa chikutocho.

Kwa okonda Zamrock, rock ya ku Zambia, kudindanso n'kumene kunapulumutsa nyimbozi. Mbale zoyambirira za WITCH ndi Amanaz za m'ma 1970 n'zosowa komanso zodula, koma kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso.

4. Kusunga: apa ndi pomwe mbale zambiri zimafera

Ziimikeni chilili ngati mabuku, osazipanikiza, osazisanjikiza. Zogonekedwa mulu zimapindika, ndipo yopindika kuiwongola n'kovuta.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Vinyl yopangira mbalezi ndi pulasitiki. Kuisiya m'galimoto masana a mu October, pawindo pofika dzuwa, kapena pamwamba pa wadiropu pansi pa malata opanda siling'i, n'kuitaya. Sankhani malo ozizira, otalikirana ndi pansi komanso khoma lakunja. M'dzinja chinyezi chimabweretsa nkhungu pa zikuto, ndipo chiswe ndi mphemvu zimakonda makatoni, ndiye muzisuzumirako kawirikawiri.

Kachikwama ka pepala kamene kamabwera ndi mbale kamakanda ndi kusiya fumbi. Ikani m'malo mwake kokhala ndi pulasitiki yofewa m'kati.

5. Kutsuka

Ngakhale yatsopano itsukeni, chifukwa imachoka ku fakitale ndi tizinyalala. Gwirani m'mphepete ndi pa lebulo pokha. Musanaimbe, pukutani ndi burashi ya carbon fibre motsatira timizere.

Yakuda kwambiri imafuna madzi oyeretsedwa opanda mchere (distilled), aja timawatcha madzi a batire (osati asidi, chonde), ndi kansalu kofewa kopanda ubweya. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amasiya mchere m'timizere. Lebulo isanyowe, ndipo mbale iume yokha musanaibweze. Spirit, sopo wochapira ndi mankhwala opukutira magalasi zisayandikire.

6. Singano

Tizoimbira totchipa tooneka ngati sutikesi timakanikiza singano ndi mphamvu yopitirira muyeso, ndipo mbale yodula imatha msanga. Pezani turntable (choimbira mbale) yokhala ndi kolemetsa kosinthika kumbuyo kwa mkono wa singano, muikepo muyeso umene wopanga singano analemba, nthawi zambiri pafupifupi magalamu 2. Singano ipukuteni ndi kaburashi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, osati cham'mbali. Mawu okwera akayamba kusasa, makamaka pa nyimbo za pafupi ndi lebulo, siyani kuimba mpaka mutagula singano ina.