Momwe mungalumikizire kompyuta yakutali ku seva yanu kudzera pa modemu ya foni

Anthu ambiri amati dial-up inafa kalekale, koma ngati seva yanu ili pamalo poti intaneti ikadula mulibe njira ina yolowera, modemu pa laini ya foni imakupulumutsani ndithu. Ine seva yanga ndi ya Linux, ndiye ndifotokoza za mgetty, yoyankha foni, ndi pppd, yolumikiza makompyuta awiriwo pa laini, mapulogalamu awiri amene amagwira ntchito yonseyi.

Choyamba pezani modemu yakunja, ya serial, monga US Robotics Courier kapena Sportster. Timamodemu ta mkati totchipa tija, ma winmodem, tisiyeni, ntchito yake yambiri imachitidwa ndi draiva ya Windows ndipo pa Linux mudzangotaya nthawi. Ogulitsa ena amakuuzani kuti "iyi ndi 56k bwana, ithamanga", musatengeke. 56k ya V.90 imatheka pokhapokha mbali ya seva ili pa laini ya digito. Mamodemu wamba awiri akamaimbirana, mapeto ake ndi 33.6 kbps basi, V.34. Lainiyo ikhalenso ya foni yeniyeni ya waya, ya VoIP, yodutsa pa intaneti ija, modemu imavutika nayo kwambiri.

Tsopano waya wochokera ku modemu kupita ku seva, apa ndi pamene ndinavutikira ine ndipo ndikufuna mumvetsetse. Mawaya a serial amaoneka ofanana onse kunja koma mkati ndi osiyana. Pali wa null modem, umene umapingasa mizere yotumizira ndi yolandirira, umenewo ndi wolumikizira makompyuta awiri, modemu siyankha nkomwe. Umenewo sungakusokonezeni nthawi yaitali. Woipitsitsa ndi wotchipa uja umene mkati muli timawaya titatu tokha, pin 2, 3 ndi 5. Wanga ndinagula kwa munthu wina wogulitsa zakale, anandilumbirira kuti ndi wathunthu. Mu minicom, pulogalamu yolankhulira ndi modemu, ndikazimitsa flow control (njira imene modemu imauzira seva kuti idikire kaye) nkulemba AT, modemu imayankha OK bwinobwino, kasitomala, kompyuta yakutali ija, akaimba mamodemu amalira mpaka CONNECT, kenako zii, palibe chikuyenda, laini nkudula. Chifukwa chake nchakuti seva imadalira pin 1, DCD, kuti idziwe kuti pali wina pa laini, pin 4, DTR, kuti idule foni ikamaliza, ndi pin 7 ndi 8, RTS ndi CTS, kuti modemu ithe kunena kuti dikira kaye ndadzaza. Zonsezi mu waya uja munalibe. Ndiye musanayambe kusintha mafailo, tengani multimeter muyeze pin iliyonse. Ngati waya wanu ndi DB9 mbali ina DB25 mbali ina, 1 ipite ku 8, 2 ku 3, 3 ku 2, 4 ku 20, 5 ku 7, 7 ku 4, 8 ku 5. Multimeter ikapanda kulira pa pin ina, bwezani wayawo kwa mwini wake, musalimbane nawo.

Waya ukakhala bwino, tsegulani minicom pa /dev/ttyS0, poti yoyamba ya serial, spidi 115200, lembani AT&F kuti zonse zimene mwini wakale anasunga zifufutike, kenako AT&W kuti zisungike. Musaike ATS0=1, lamulo louza modemu kuti iziyankha foni yokha, ngakhale malangizo ambiri akale amatero, mgetty imayankha yokha ikaona RING, ndiye modemu ikayankhanso payokha ziwirizi zimasokonezana.

Ikani mgetty izidzuka yokha pa ttyS0, kaya mu inittab kaya ndi systemd malinga ndi Linux yanu. Mu login.config muli mzere woyamba ndi /AutoPPP/, chotsani # kutsogolo kwake, ndi umene umapereka foni kwa pppd. Mu /etc/ppp/options.ttyS0 lembani 192.168.10.1:192.168.10.2, yoyamba ndi ya seva yachiwiri ya woimbayo, onjezerani crtscts, modem, ndi ms-dns yotsatana ndi adiresi ya DNS yanu. Ngati mukufuna woimbayo aziona makompyuta ena a mu ofesi, mupatseni adiresi ya netiweki yomweyo, ikani proxyarp nkuyatsa ip_forward. Pali njira ziwiri zotsimikizira woimbayo, CHAP ndi PAP; ife tigwiritsa CHAP, ndiye dzina ndi pasiwedi zipite mu chap-secrets. PAP ndi yachidule inde koma imatumiza pasiwedi ili poyera, ine sindiikonda, ndipo mzere wa AutoPPP uja nthawi zambiri umabwera uli pa PAP, ndiye usintheni ukhale pa CHAP.

Mbali ya kasitomala njosavuta. Pa Windows pangani connection yatsopano ya dial-up, nambala, dzina, pasiwedi, mwatha. Ngati pamafunika 9 kuti mutuluke kunja lembani 9, kenako chizindikiro cha koma (,), kenako nambala; chizindikirocho chimadikiritsa pang'ono. Pa Linux wvdial ikukwanirani.

Zikakana, Windows imaonetsa nambala ya vuto: 680 ndiye palibe dial tone, 678 seva siikuyankha, 691 dzina kapena pasiwedi zalakwika. Zina zonse muzipeza mu log ya mgetty, ndipo mukaika debug mu options ya pppd mudzaona pamene zikudukira.