Kafunsidwe ka Malo pa Digiri Yophatikiza Unamwino ndi Zaumoyo wa Anthu ku America

Mayunivesite ena a ku America, monga Emory ku Atlanta ndi Yale ku New Haven, amalola namwino kuphunzira madigiri awiri a masters nthawi imodzi, MSN ya unamwino ndi MPH ya zaumoyo wa anthu, ndipo popeza maphunziro ena amawerengedwa mbali zonse ziwiri, nthawi imafupika poyerekeza ndi kutenga madigiriwo paokhapaokha.

Dziwani kuti mukugogoda pa makomo awiri. Sukulu ya unamwino ndi ya zaumoyo wa anthu, iliyonse imasankha yokha ophunzira ake, choncho kulandiridwa ku unamwino sikukutsegulirani khomo linalo. Masukulu ambiri a zaumoyo wa anthu amalandira mafomu kudzera pa SOPHAS, tsamba la pa intaneti lofunsirapo malo m'masukuluwa. Musanalipire kanthu, onetsetsani kuti madigiriwo ndi ovomerezedwa ndi mabungwe ounika maphunziro: MSN ndi CCNE kapena ACEN, ndipo MPH ndi CEPH.

Chimene chimachedwetsa ambiri ndi laisensi ya unamwino. Ngati maphunzirowo akufuna kuti mukasamalire odwala muli kale namwino, mufunika laisensi ya dera limene sukuluyo ili, yomwe imapezeka mutakhoza mayeso a anamwino otchedwa NCLEX-RN. Amene anaphunzira unamwino ku Malawi ayambiretu kupempha chitsimikizo cha unamwino wake ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa kuwunika mapepala a kunja kumatenga miyezi.

Pa kalata yofotokoza cholinga chanu, pewani mawu achizolowezi oti mukufuna kuthandiza anthu, poti aliyense amalemba zomwezo. Fotokozani zimene munakumana nazo, mwachitsanzo za mwana wodwala kolera amene munamuika diripi usiku, kenako funso limene linakusautsani m'mawa mwake lokhudza chitsime chomwe banja lake limatungako madzi.