Doro wat: nkhuku ya ku Ethiopia, nkhani yonse ili pa anyezi

Abale, doro wat si ndiwo zoti mungoyamba 11 koloko n'kumati pofika 12 tidya ayi, imafuna tsiku loti muli phee pakhomo. Doro m'Chiamhariki ndi nkhuku, wat ndi ndiwo za msuzi wokhuthala, ndipo kwawoko amaiphika kwambiri pa Fasika, Isitala yawo, atatha masiku 55 osalawa nyama, mazira ngakhale mkaka, komanso pa Genna, Khrisimasi ya pa 7 Januwale. Ndiye mutha kuona chifukwa chake amaipatsa ulemu chonchi.

Pezani nkhuku yachikuda, mabroila amaphwanyika msuzi usanapse. Isendeni khungu, iduleni nthuli 12 monga amachitira eni ake, muitsuke ndi mandimu ndi mchere mpaka fungo lija lichoke, kenako muicheke pang'onopang'ono ndi mpeni kuti msuzi ukalowe mpaka ku fupa.

Tsopano anyezi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Nkhuku imodzi imafuna anyezi wofiira kilo ndi theka kapena makilo awiri, eee simunawerenge molakwika, woduladula tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri. Muikeni mu poto wokhuthala pansi WOPANDA mafuta, moto wochepa, pa mbaula chepetsani makala, ndiye muzitakasa ndi mthiko osatopa, poyamba atulutsa madzi ake, kenako aphwa, poto amene anali wodzaza n'kufika theka, akayamba kumata pansi thirani timadzi pang'ono mupitirize, mpaka asanduke phala lofiirira lotsekemera loti simukuonanso kachidutswa. Zimatenga mphindi 45, mwina ola lathunthu. Ine ulendo woyamba ndinafulumira, ndinachotsa pa mphindi 15, msuzi unatuluka wamadzimadzi anyezi akuyandama ndipo zinandiwawa chifukwa nkhuku inali yabwino. Tomato musaike, ndikudziwa dzanja lathu linazolowera, koma kukhuthala konse kumachokera ku anyezi ndipo kufiira ndi kwa berbere, tsabola wosakaniza wa ku Ethiopia.

Anyezi akapsa thirani niter kibbeh masipuni akuluakulu anayi kapena asanu. Ameneyu ndi batala woyenga, mutha kupanga nokha posungunula batala pa moto wochepa ndi adyo, jinja, cardamom ndi turmeric pang'ono, thovu likatha musefe. Majarini sangagwire ntchito imeneyi chonde. Onjezani adyo ndi jinja wosinja kenako berbere masipuni anayi. Berbere ndi tsabola wofiira wouma wosinjidwa limodzi ndi fenugreek, korarima (cardamom wa ku Ethiopia), jinja, cloves ndi zina, kuwawa kwake si kobaya ngati kambuzi, kumabwera pang'onopang'ono n'kukhazikika. Amene muli ku Joni mumupeza m'mashopu a anthu a ku Ethiopia m'tauni ku Jeppe Street (panopa amautcha Rahima Moosa Street), enafe tisakanize paprika wambiri, tsabola wouma, coriander, sinamoni, cardamom ndi fenugreek, amene m'mashopu a amwenye amamutchula methi. Mukazingeni berbereyo mu anyezi mphindi 20 mukudonthezera madzi, akapserera amawawa ngati mankhwala, akakhala wosapsa amakanda pakhosi, mudziwa kuti wapsa mtundu ukada n'kukhala ngati njerwa yootcha ndipo mafuta ofiira ayamba kutuluka m'mbali mwa poto.

Ikani nkhuku, itakaseni kuti nthuli iliyonse ivale, madzi otentha makapu awiri, mchere, vindikirani ibwate pang'onopang'ono ola limodzi kapena kupitirira malinga ndi kukhwima kwa nkhukuyo. Pakatipo wiritsani mazira, dzira limodzi munthu aliyense, muwasende n'kuwaboola ndi foloko, muwaponyemo kwatsala mphindi 15. Mukadzadula dzira lija muona kunja kwafiira mkati muli chikasu, anthu amalimbirana limenelo kuposa ntchafu.

Eni ake amadyera injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasa cha ufa wa teff, mbewu ya ku Ethiopia ya tinjere ting'onoting'ono, womwe amausiya masiku angapo kuti usase, ndi ayib, tchizi woyera wozimitsa moto wa tsabola. Teff kuno ndi wovuta kupeza ndiye mpunga wa Kilombero kapena chapati zimayenda bwino, yogati wopanda shuga alowe m'malo mwa ayib. Amadyera m'mbale imodzi ndi dzanja lamanja, ndipo munthu amene amamukonda amamukulungira mbamu n'kumudyetsa m'kamwa, amati gursha. Ikatsala musade nkhawa, mawa lake mukaitenthetsa imakoma kuposa dzulo.