Kuyeza ndi kukonza mpata wa mavalavu pa injini ya njinga yamoto

Eni njinga zamoto ambiri, makamaka a kabaza, akamva injini ikulira kuti "the-the-the" kumutu amathamangira kwa makaniko kukapempha kuti phokosolo lithe. Phokosolo limachokera ku mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu injini. Komatu valavu yomangidwa mpaka kukhala chete imawononga injini msanga kuposa yaphokoso. Pakati pa nsonga ya valavu ndi kachitsulo koikankha, kamene amakaniko amati rocker, pamayenera kutsala kampata kochepa chifukwa zitsulo zikatentha zimafutukuka. Mpatawo ukatha valavu sitseka bwinobwino, mphamvu imathawira pomwepo, njinga imavuta kulira, ndipo valavu yotulutsa utsi, yomwe imataya kutentha kwake kochuluka pokhudza mpando wake (malo amene imakhazikika ikatseka), imayamba kupsa m'mphepete. Mpata ukakula kwambiri injini imasokosa ndi kuchepa mphamvu, koma vuto limeneli limadziulula lokha.

Njira ili m'munsiyi ndi ya injini za silinda imodzi zokhala ndi sikuluu ndi nati yake pa rocker, monga Honda CG125 ndi njinga zambiri zotengera kapangidwe kake. Pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm pa mavalavu onse awiri. Njinga zina zazing'ono zimafuna pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, ndipo pa zina valavu ya utsi imapatsidwa mpata wokulirapo kuposa inzake, choncho onani m'buku la njinga yanu musanagwire sipanala. Mufunika feeler gauge, timapepala tachitsulo tija tolembedwa makulidwe ake, komanso masipanala, chomasulira pulagi, pulayala yaing'ono ndi nsanza yoyera.

Injini ikhale yozizira kwenikweni, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa njinga isanalizidwe. Woyeza injini yotentha amapeza nambala yabodza. Imikani njinga pa sitandi yapakati, pukutani fumbi lonse kumutu kwa injini kuti mchenga usagwere mkati, chotsani pulagi kuti injini izizungulira mosavuta, kenako vundukulani chivundikiro cha pamwamba. Valavu yoyang'ana ku kabureta ndiyo yolowetsa mpweya ndi petulo, ndipo yoyang'ana ku paipi ya ekizozi ndiyo ya utsi.

Gawo limene ambiri amalakwitsa ndi loika pisitoni pamalo oyenera. Kumanzere kwa injini, pa njinga zambiri, kuli zotsekera ziwiri, chachikulu pakati ndi chaching'ono pamwamba. Mukazichotsa, lowetsani sipanala ya soketi pabowo lalikulu n'kumazunguliza injini pang'onopang'ono mbali imene imazungulira njinga ikamayenda, uku mukusuzumira pabowo laling'ono mpaka chilembo T cha pa flywheel, gudumu lachitsulo lozungulira mkatimo, chilunjike pa kamzere ka pachitsulo. Musasokoneze ndi chilembo F, chomwe ndi cha nthawi yothethekera moto wa pulagi. Koma T yekha sakwanira, chifukwa injini yotere imazungulira kawiri kuti imalize ntchito imodzi, ndiye kuti T amafika pa kamzereko kawiri ndipo ulendo umodzi wokha ndiwo woyenera. Yang'anitsitsani valavu yolowetsa mpweya: ikatsika n'kukweranso, T wotsatira ndiye wanu. Gwirani ma rocker onse awiri ndi zala, ndipo ayenera kugwedera pang'ono. Ngati onse ali gwa, zungulizaninso kamodzi kathunthu. Mukapitirira chilembocho ndi bwino kuzungulira ulendo wina kusiyana ndi kubwerera m'mbuyo.

Tsopano lowetsani kapepala ka muyeso woyenera pakati pa sikuluu ndi nsonga ya valavu, kali chogona, osakapinda. Kayenera kulowa ndi kutuluka mokoka pang'ono, ngati mmene limamvekera pepala mukamalisolola pansi pa buku lolemera. Amene dzanja lake silinazolowere ayese motere: ngati mpata ndi 0.08 mm, kapepala ka 0.08 kalowe koma ka 0.10 kakane. Zikatero musakhudze chilichonse, valavuyo ili bwino.

Ngati mpata walakwika, masulani nati pang'ono, siyani kapepala pamalo pake, ndipo potozani sikuluu mpaka mumve kukoka kuja. Gwirani sikuluuyo zolimba kuti isasunthe pamene mukumanga nati, chifukwa nati ikamamangika imakonda kutenga sikuluu n'kuchepetsa mpata umene mwavutikira. Musamange mwankhanza, popeza mazinga ake ndi aang'ono ndipo sachedwa kutha. Mukamaliza yezaninso, zungulizani injini kawiri kubwerera pa T yemweyo, n'kuyezanso kachiwiri. Kubwereza kumeneku n'kotopetsa, koma n'kumene kumasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongoyerekeza.

Musanatseke, onani labala kapena gasiketi ya chivundikiro, ndipo ngati yauma kapena kung'ambika ikani yatsopano kuti oilo asamachuche. Bwezerani pulagi ndi zotsekera, lizani injini, ndipo musadandaule mukamva kaphokoso kochepa ikadali yozizira.

Ngati injini ikusokosabe pomwe muyeso ukuoneka wolondola, yang'anani nsonga ya sikuluu ndi nsonga ya valavu, chifukwa pakakumbika kadzenje kapepala kamangodutsa pamwamba pake osayeza mpata weniweni. Ndipo ngati mpata ukungotsekeka patangopita nthawi yochepa chikonzereni, valavu ikudyeka ndi kumira mu mpando wake. Pa njinga zoyenda misewu yafumbi chiyambi chake kawirikawiri chimakhala sefa ya mpweya yobooka kapena yosakhala bwino, ndipo apo sikuluu sithandizanso: mutu wa injini uyenera kutsitsidwa kuti mavalavu ndi mipando yake zikonzedwe, ndi sefa yomwe isinthidwe.