Momwe mungalembere nkhondo ya pa Mwezi kuti imveke ya asilikali enieni

Alembi achinyamata kuno ku Kasungu ayamba kulemba nkhani zopeka za m'tsogolo, za asilikali omenya nkhondo pa Mwezi ndi ku Mars, ndipo ine zimandisangalatsa kwambiri. Koma zambiri zomwe ndawerenga zimapunthwa pamalo amodzi. Nkhondo ikangobuka, ngwazi imathamanga yokha pambalambanda, kuwombera uku ndi uku, anzake osaoneka komwe ali. Asilikali enieni samenya choncho.

Yambani ndi kagulu. M'dongosolo la asilikali a ku Britain, kagulu kakang'ono kamakhala ndi anthu 8, ogawidwa anayi anayi. Kopolo amatsogolera onse, lansi kopolo n'kumayang'anira theka linalo. Ku America amakhala 9. Amachepa dala, chifukwa pakati pa phokoso ndi mantha munthu mmodzi sangalondoloze khamu. Inu apatseni mayina onse, mudziwe wanyamula mfuti yachiwaya ndani, wa wayilesi ndani.

Kenako phunzirani kayendedwe kawo. Pitani padambo lililonse la zulu zambiri, muyerekeze kuti mdani ali kutsidya. Anayi agona kuseri kwa chulu, akuwombera kuti mdaniyo asadzutse mutu. Anayi enawo adzambatuka, athamanga pang'ono chowerama, adzigwetsa pansi, nawo ayamba kuwombera kuti anzawo aja asendere. Amangosinthana choncho mpaka kufika. Ndipo sayenda mounjikana ngati akupita kumsika wa fodya, amatalikirana kuti bomba limodzi lisawatenge onse. Jambulani zimenezi papepala musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha, n'kuchitsata mpaka komwe chikuthera. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pa Mwezi palibe mpweya, choncho mawu sayenda. Kopolo sangakuwe. Mdani akasokoneza wayilesi, atsala ndi manja basi, kapena kugunditsa chisoti chake pa chisoti cha mnzake kuti mawu adutse m'zisotimo. Taganizani nkhope ziwiri zitayandikana chotero, thukuta lili kamukamu mkati mwa galasi, wina akuuza mnzake kuti akuwopa. Komanso pa Mwezi munthu amapepuka kasanu ndi kamodzi. Kuthamanga kumasanduka kudumpha, ndipo wodumpha kwambiri amachedwa kutera, ali poyera, alibe pobisala. Ndiye kusinthana kuja kusintha bwanji? Mwina azikwawa. Mwina owombera aja azitenga nthawi yotalikirapo, zipolopolo n'kutha msanga. Yankho ndi lanu, koma likhalepo.

Ku Mars vuto ndi lina. Uthenga wa pawayilesi wochokera kuno umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22 kuti ufike, malinga ndi komwe maikowa ali. Mabwana ali kutali sangathandize pa nthawi yake. Kopolo wanu agamula yekha, ndipo mlandu wake ausenza yekha.

Za ndege zopanda woyendetsa musazione ngati zachilendo. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ndegezi pabwalo la ndege la Kasungu pompano, ndipo ku Ukraine zasintha kamenyedwe moti kuyenda poyera masana n'kudziika m'kamwa mwa mkango. Mukapatsa kagulu kanu kandege kotere, wina azikayendetsa, maso ake ali pagalasi osati pamfuti. Amuteteza ndani? Mabatire anyamula ndani? Chida chilichonse chimalemera ndipo chimatha.

Musaiwale wovulala. Mmodzi akagwa, awiri kapena anayi amasiya kuwombera kuti amunyamule, ndiye kagulu ka 8 katsala ndi asanu kapena atatu. Pa Mwezi chipolopolo chikaboola chovala, mpweya ukuthawanso, ndipo womata bowolo ali ndi magolovesi okhuthala m'manja.

Chomaliza, chezani ndi amene anavalapo yunifomu. Asilikali athu akhala akupita ku DRC m'gulu lapadera la United Nations kuyambira 2013, ndipo m'midzi mwathu muli opuma pantchito. Pitani mwaulemu, musawafunse ngati anaphapo munthu. Afunseni kuti chikwama chinkalemera bwanji, madzi ankagawana motani, nanga usiku wa ulonda tulo ankalimbana nato bwanji. Lembani zomwe akuuzeni, kenako muwaveke asilikali anu zisoti za pa Mwezi.